Madzi Amodzi, Mayankho Atatu

Mumsika wa Lundazi mzere wa nsomba umaupeza ndi mphuno, maso asanauone. Utsi wa nkhuni za tsanya umene unalowerera m'milamba kutali kuchigwa cha Luangwa umafika nayo mpaka pathebulo. Milamba yowamba yagona yopindika, yakuda bii. Pambali pake pali milu ya kapenta wa ku Mpulungu ndi wa ku Siavonga, kenako usipa wa ku nyanja ya Malawi, tsidya la malire a Lusuntha. Ku Lundazi kulibe nyanja. Kuli mtsinje wa dzina lomweli, ndi damu limene lili m'munsi mwa Castle Hotel, nyumba ya nsanja ija imene bwanamkubwa wachitsamunda Errol Button anayamba kumanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1940.

Komabe amayi a pamzerewu amadziwa za madzi amene sanawapondepo. Mulu wa usipa ukafupika mtengo uli womwewo, amakuuza osaganizira n'komwe kuti mwezi wawala, kapena mwera wakwiya. Milamba ikasowa akuti Luangwa wadzaza, njira za ku Malambo, kuchigwa kuja, zaduka. Amaona madzi pa nsomba monga mlimi aonera mvula pa masamba a chimanga. Koma iwo ndi omaliza kuwerenga. Woyamba amaima pagombe m'bandakucha, ndipo ndi iyeyo amene amagamula ngati bwato lilowe m'madzi kapena ligone pamchenga.

Mmodzi wa oterewa ndinakumana naye pamsika pompo, mkulu wa kuchigwa amene wakhala akuwolotsa anthu ndi kutchera nsomba chiyambire unyamata. Anali atatula dengu, akumwa thobwa pamthunzi, Chitumbuka ndi Chinyanja zikupiringizana ponseponse monga zichitira mumsikawu.

"Agogo," ndinawafunsa, "madzi abwino mumawadziwa bwanji?"

Anatsitsa chikho. "Abwino kwa yani, mdzukulu wanga? Kwa wopalasa, kwa wowedza, kapena kwa wosamba? Atatuwa sagwirizana."

Luso lonse lagona m'funso limenelo. Madzi ndi amodzi, zizindikiro ndi zomwezo, koma yankho limasintha ndi wofunsa. Kumapeto kwa Novembala, mvula itayamba, ndinatsikira nawo kuchigwa kukaona mmene amachitira.

Kuti umve chifukwa chake mitsinje ya kuno imafuna wowerenga, yamba waona mmene dziko lagonera. Lundazi ali pamtunda, mamita opitirira 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere. Kuchoka apo dziko limatsetsereka kumka kumadzulo, ndipo mitsinje ya Lundazi, Lumezi ndi Lukusuzi imatsika nalo, madzi ake onse n'kukathera mu Luangwa. Luangwayo amachokera kumapiri a Mafinga, nayenda makilomita pafupifupi 770 kukakumana ndi Zambezi ku Feira. Palibe damu limene latseka mtsinje waukuluwu, choncho umadzaza ndi kuphwa momvera mvula yokha. M'chilimwe mitsinje yaing'onoyi imasanduka misewu ya mchenga, anthu n'kumafukula zitsime pakati pake. Koma madzi saiwala khwawa. Mvula ikagwa usiku kumtunda, chigumula chimatha kufika kuchigwa m'mawa kumwamba kuli mbee, popanda ndi kamtambo komwe.

N'chifukwa chake ntchito imayamba dzulo lake. Dzuwa likalowa akuluwa amayang'ana kum'mawa ndi kumpoto. Kung'anima kwa kutali, kosamveka kugunda, ena sakusamala. Iwo amaonapo madzi a mawa. Akatero amathyola kamtengo kowongoka, kotalika ngati mkono, nakazika pamalire enieni a madzi ndi mchenga. Sazika paliponse. Amasankha pamene madzi adikha, kuseri kwa chitsa kapena pamene gombe lalowa m'kati, kuti timafunde tisawanamize. Masiku ena amazika timitengo titatu motsatizana kukwera gombe, motalikirana phazi limodzi, kuti koyamba kakamira enawo anene pamene madzi alekeza.

M'bandakucha khutu ndilo limatsogola. Mtsinje wofatsa umangoti waa chapansipansi. Wokwera umalira mokhuthala, ndipo nthawi ndi nthawi umamva phu, gombe lagumukira m'madzi. Pamitsinje ya miyala ya kumtunda pali phokoso lina loopsa kuposa onsewa, la miyala ikugubuduzika pansi ngati chigayo cha kutali. Akalimva sayandikira n'komwe. Madzi amene akusuntha mwala sangalephere mwendo wa munthu.

Akafika pagombe amapita kaye ku kamtengo kaja. Kakatsala pouma, madzi atsika. Kakaima m'madzi, akwera, ndipo amayeza ndi zala: ziwiri, zinayi, chikhatho. Koma kamtengo kamanena za usiku wonse, osati za ola lino. Za ola lino amafunsa gombe. Madzi otsika amasiya lamba wonyowa pamwamba pake, wa matope osalala onyezimira, ndi kamzere ka zinyalala pamene anafika. Madzi okwera alibe lamba wotero. Amakhudza dothi louma, kunyamula masamba ouma limodzilimodzi, nyerere n'kumathawa ndi mazira kukwera udzu. Apa akuluwa amanjuta, nayang'anitsitsa tsinde limodzi la udzu kwa mphindi zingapo, kuona ngati madzi akulikwera kapena akulisiya. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako amaona mtundu wa madzi ndi katundu amene asenza. Chigumula choyamba cha chaka chimabwera chakuda ndi phulusa la lupsa, chitanyamula mapesi, ndowe zouma ndi zinyalala zonse zimene chilimwe chinasiya m'makwawa. Zotsatira zimabwera zofiira psuu ngati mvula yagwa kumtunda kwa katondo, kapena zotuwa mbuu ngati yagwa m'chigwa momwemo mwa makande. Motero mtundu umaulula kumene mvula yagwa. Katundu wouma saopsa kwenikweni, mtsinje ukungosesa pakhomo. Koma ukaona nthambi za masamba aawisi, kapena mtengo wathunthu ukubwera mizu ili m'mwamba, dziwa kuti madzi akudya magombe, ndipo pansi pakuyenda mitengo ina imene sukuiona.

Kuti adziwe kuchuluka kwa matope amamiza nkhafi pang'onopang'ono, maso ali pansonga yake, mpaka izimirire. Ikasowa itangolowa chikhatho chimodzi, madzi ndi phala. Ikaonekabe italowa mkono wonse, ayamba kuyera. Akatswiri a zamadzi amachita zomwezo ndi mbale yoyera yomangirira kuchingwe cha manambala, imene wansembe wa ku Italy, Angelo Secchi, anayamba kugwiritsa ntchito mu 1865. Mbale ndi nkhafi zimafunsa funso limodzi: kuwala kukulowa mpaka pati?

Liwiro amaliyeza ndi miyendo yawo. Amaponya kakhungwa kouma pakati pa mtsinje, nayenda nako m'gombe. Kakatsalira m'mbuyo iwo akuyenda mwachifatse, madzi ndi aulesi. Kakafanana nawo, wowoloka pansi asalole madzi apitirire mawondo. Kakawasiya mpaka kufuna kuthamanga, palibe wowoloka ndi miyendo, ngakhale madzi alekeze m'katumba. Kuya ndi liwiro amaziwerengera pamodzi, osati padera. Pakati pa madzi oima a m'chiuno ndi madzi othamanga a m'mawondo, oopsa ndi achiwiriwo. A sayansi amati liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yokankha imawirikiza kanayi. Akuluwa masamu amenewo ali nawo m'ntchafu.

Tsopano nkhope ya madzi, pamene pali luso lenileni. Kwa ine mtsinje unali chinsalu chimodzi chofiira. Kwa iwo unali ndi mizere ngati chikhatho. Pokhota mtsinje, mbali yakunja madzi amathamanga ndi kukumba, gombe n'kuima chilili ngati khoma: pamenepo ndi pakuya. Mbali yamkati madzi amafooka, natula mchenga: ndi posaya. Timafunde tothinana ngati malata ndiye kuti mchenga uli pafupi. Posalala see, pakuderako, ndi dziwe. Madzi akang'ambika n'kupanga mphanda yosongokera kumtunda, pansonga pake pali chitsa kapena mwala. Mphanda yosongokera kumunsi, yosalala ngati lilime, ndilo khomo, bwato lidzere pamenepo. Kanundu kosasuntha, kotukuka ngati linunda la ng'ombe, ndi mtengo womira umene madzi akuukwera. Ndipo kuseri kwa chopinga chilichonse madzi amabwerera chakumtunda, thovu likuzungulira pamalo amodzi. Wopalasa amapumira pamenepo, nsomba nazonso.

Chimene diso lanena, nsungwi imatsimikiza. Ndodo yaitali yokankhira bwato ndiyo chala cha wopalasa chofika pansi. Ikagunda mchenga wolimba imabweza kugundako m'manja, gwa. M'matope imalowa mwakachetechete n'kukana kutuluka, ndipo wosazolowera amasankha pakati pa kusiya ndodo ndi kusiya bwato. Pamchenga watsopano, umene chigumula chatula usiku, imangoti tswee ngati m'phala, ndipo pamenepo ng'ombe kapena munthu atha kutitimira. Luangwa amasamutsa mchenga wake chaka ndi chaka. Nthawi zina amasiya njira yake yonse, monga pa Luangwa Wafwa m'nkhalango ya South Luangwa, pamene khwawa lakale linasanduka thamanda lopindika. Choncho dooko la chaka chatha si umboni. Chaka chilichonse amalifufuzanso ndi ndodo, phazi ndi phazi.

Zonsezi zikasonkhana, yankho loyamba ndi la wopalasa. Madzi okwera, osenza mitengo yaiwisi: bwato ligone. Madzi odzaza koma otsika, opanda katundu: awoloke, koma ndi mtolo wochepa. Akuluwa amakweza anthu ndi matumba, kenako amaika dzanja m'mbali mwa bwato kuyeza mpata umene watsala pakati pa madzi ndi mlomo wake. Pamadzi ofatsa chikhatho chimakwana. Pamadzi amafunde amatsitsa thumba limodzi, kapena munthu mmodzi, adandaule asadandaule. Zolemera zikhale pakati, anthu akhale pansi, pasapezeke woimirira. Ndipo salunjika tsidya. Amayamba akwera m'mbali mwa gombe, m'madzi aulesi, mtunda umene akudziwa kuti mtsinje uwalanda. Akafika pamene afuna amapotoza mutu wa bwato pang'ono chabe, ukuyang'anabe kumtunda, madzi n'kumalikankhira okha tsidya, nkhafi ikungowongola. Tinakocheza ndendende pamene analoza tisananyamuke.

Mu Luangwa muli mvuu zochuluka kuposa m'mitsinje yambiri ya mu Africa, ndipo nazo zimawerengedwa. Njira zake zotsikira m'madzi zimaoneka pagombe, tinjira tiwiri toyandikana, ndi ndowe zomwazika pazitsamba. Poyandikira dziwe wopalasa amagogoda bwato ndi nkhafi, go go go, kuti yomira itulutse mutu aione. Mvuu ikadzidzimuka imathawira kokuya, choncho bwato limadzera kosaya, osalowa pakati pa nyamayo ndi dziwe lake. Yokhala yokha, kapena ya kamwana, amailambalala kutali.

Yankho lachiwiri ndi la msodzi, ndipo kawirikawiri limatsutsana ndi loyamba. Madzi ofiira okwera amene agoneka bwato ndi omwe amadzutsa milamba. Mlamba sudalira maso, umafufuza ndi ndevu zake, ndipo chigumula chikasefukira m'madambo umakwera nacho usiku kukaikira mazira mu udzu womira. Mcheni ndi wina: mlenje wa maso ndi mano, wokonda madzi oyera ndi oyenda, amene amabisalira pamalire a madzi othamanga ndi odikha. Msodzi amafunafuna malire oterowo, makamaka pamathiriro, pamene kamtsinje koyera kakumana ndi wofiira n'kuyenda limodzi kamtunda osasakanikirana. Mono amautchera pamene madzi a m'dambo akubwerera mumtsinje, kukamwa kwake kuyang'ana kumene nsomba zikuchokera, naupanikiza ndi zikhomo ziwiri kuti usagubuduzike.

Amamizanso dzanja kumva kutentha. Mu Juni ndi Julayi madzi akazizira nsomba zimadya mwaulesi, ndipo mbedza imagwira dzuwa litakwera. Mu Okutobala, m'maiwe ophwa odzaza ndowe za mvuu, mpweya umachepa m'madzi, makamaka m'bandakucha, nsomba n'kumayandama kukamwa kuli yasa. Umene umapirira mpaka m'matope ndi mlamba, chifukwa m'mutu mwake muli chiwalo chopumira mpweya wakunja. Mbalame nazo ndi mboni. Pamene akakowa ndi mphipi zaunjikana, pansi pali chakudya, ndipo nkhwazi siitaya tsiku pamtengo wa padziwe lopanda kanthu.

Yankho lachitatu, la wosamba, ndilo lovuta, chifukwa madzi oitana ndi omwe amavulaza. Dziwe labata, lofunda, la akakombo ndi bango m'mbali, mwana aliyense amalilakalaka masana a Okutobala. Akuluwa amatembenuza tsamba la kakombo: kunsi kwake kwamatirira tinkhono. M'tinkhono ta mtundu umenewu ndimo mumakulira tizilombo ta likodzo. Mazira ake amalowa m'madzi ndi mkodzo wa wodwala, amaswa, tiana take n'kulowa m'nkhono. Pakapita milungu ingapo timatuluka tambirimbiri, makamaka dzuwa lili paliwombo, n'kuboola khungu la wosamba m'mphindi zochepa. Diso silitiona. Chimene diso limaona ndi mudzi wa tizilomboto: madzi oima, zomera, nkhono, ndi kanjira ka anthu kofika pamenepo. Madzi otungidwa pamalo otere akakhala m'ndowa masiku awiri tizilomboto timafa, ndipo wodwala amachira ndi mapiritsi a praziquantel, aja amagawidwa m'masukulu.

Kenako ng'ona. Pamchenga amafuna mzere wa mchira pakati pa mapazi, ndi posalala pamene mimba inatsetsereka kulowa m'madzi. Kusapeza mapazi si chilolezo, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Madzi akadzaza zimayenda, n'kupezeka m'thamanda limene dzulo munkasewera ana. Nyengo yozizira zimaothera dzuwa poyera, ukhoza kuziwerenga. Nyengo yotentha ndi ya mvula zimakhala m'madzi, zanjala, matope n'kuzibisa. Ng'ona imaphunzira chizolowezi cha anthu, choncho otunga madzi amasinthasintha malo ndi nthawi, kapena kuzika mpanda wa mitengo m'madzi kuti atungire m'kati mwake.

Padamu, monga la ku Lundazi, msampha ndi wina. Pamwamba madzi ndi ofunda, pansi ozizira, ndipo matope ndi ndere zimagwira miyendo. Pamene madzi asefukira pakhoma n'kugwera kumunsi, amadzipinda n'kubwerera kukhoma komweko ngati gudumu. Chigubu chimene chagweramo chimavina pamenepo tsiku lonse osapita, ndipo munthu wagweramo amachita chimodzimodzi.

Nanga posamba ndi pati? Pamene madzi ndi osaya, oyera moti uwerenga zala za kumapazi, oyenda pamchenga, kutali ndi dziwe ndi bango, ndiponso pali wamkulu woyang'anira. Malo otere ndi ochepa, ndipo ngakhale apezeke akuluwa sanena kuti palibe choopsa. Amangoti, "Apa ndiye bola."

Boma nalo lili ndi timitengo take. Pamilatho ina ndi m'magombe osankhidwa mumapezeka mathabwa achitsulo olembedwa manambala ngati rula ya kusukulu, lililonse lotalika mita imodzi, ozikidwa motsatizana kukwera gombe ngati makwerero. Amawatcha geji. Munthu wa m'mudzi wapafupi amawerenga pamene madzi alekeza m'mawa ndi madzulo, nalemba m'buku. M'Zambia ntchitoyi ili m'manja mwa WARMA, bungwe loyang'anira madzi limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndipo Luangwa ndi limodzi mwa madera asanu ndi limodzi amene dziko linagawidwa potsata mitsinje ndi nyanja. Nthawi ndi nthawi akatswiri amafika ndi kachipangizo ka mapiko ozungulira, nakamiza malo angapo kuchoka gombe lino kufika tsidya. Liwiro limene kapeza amalichulukitsa ndi kuya ndiponso kutambalala kwa mtsinje, n'kupeza madzi odutsa pa sekondi imodzi, m'makyubiki mita. Kyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, madiramu asanu aja a malita 200. Akayeza kangapo, madzi ali ochepa ndiponso ali ochuluka, amatha kungoona nambala ya pageji n'kudziwa madiramu amene akudutsa. Koma chigumula chikasamutsa mchenga nambala ija imayamba kunama, ndipo amayezanso. Mchenga umene umavutitsa agogo ndi ndodo yawo ndi womwewo umavutitsa injiniya ndi buku lake.

Kwina anthu anayesa kuika zonsezi m'manambala ochepa. Opalasa mabwato a mphira m'mathithi amagawa mitsinje m'magiredi, kuyambira 1, madzi oyenda mofatsa, mpaka 6, amene sayenera kuyesedwa. Mathithi ena a Zambezi m'chigwembe cha Batoka, kumunsi kwa Mosi-oa-Tunya, ali pa giredi 5. Muyesowu ndi wabwino pa ntchito yake, koma umayankha wofunsa mmodzi yekha. Luangwa wa m'chilimwe angapate giredi 1, ng'ona zitandandalika pamchenga.

Nanga usipa uja wa pamsika? Unawerengedwa ndi munthu wina, pamadzi ena. Panyanja ya Malawi funso loyamba si kukwera kwa madzi koma mphepo, ndipo iliyonse ili ndi dzina: mwera wochokera kumwera, mpoto wa nyengo ya mvula, vuma wa kum'mawa, zambwe wa kumadzulo. Mwera ndiye mfumu, kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti. Umaomba motsata utali wa nyanja, makilomita opitirira 500, ndipo mafunde amakula akamapita kumpoto. Msodzi amauona usanafike, pakuti nyanja imayamba kutukuka ndi mafunde aatali osasweka pamene iye ali mphepo kulibe. Mitu yoyera ikayamba kuoneka apo ndi apo, wa bwato laling'ono amayang'ana kugombe. Ikachuluka amabwerera. Mu 1805 Francis Beaufort, msilikali wa pamadzi wa ku Britain, anakonza muyeso wa mphepo wa 0 mpaka 12, umene lero umafotokoza sitepe iliyonse ndi maonekedwe a madzi: mitu yoyera yapatalipatali pa 3, yochuluka pa 4. Nthambi yoona zanyengo ku Malawi imachenjeza za mwera pawailesi, ndipo a kunyanja sanaiwale sitima ya Vipya, imene inamira m'namondwe kumpoto kwa nyanjayi pa 30 Julayi 1946, anthu 145 n'kutsala m'madzi.

Wotsogolera asodzi a chilimira, ukonde waukulu wokokedwa ndi mabwato awiri, amatchedwa siginala. Amakhala m'kabwato ka nyali, kale za palafini, lero zambiri za mabatire. Amawerenga mwezi, pakuti ukawala nyali zake zimatha mphamvu, usipa n'kumwazikana, ndipo masiku angapo pambuyo pake mulu umafupika ku Lundazi. Amawerenganso mweza, kuyenda kwa madzi a pansi kumene sikuoneka pamwamba. Amatsitsa mwala pachingwe, naona kumene chingwe chapendekera, chifukwa ukonde woponyedwa mosemphana ndi mweza umapindika m'malo motukuka ngati thumba. Panonso mayankho amatsutsana. Mwera umene umatsekera mabwato pagombe umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, madzi ozizira a pansi, odzaza chonde, n'kukwera kumwera kwa nyanja. Chondecho chimameretsa tizomera tosaoneka ndi maso, tizomera tidyetsa tizilombo, tizilombo tidyetsa usipa.

Pali wofunsa wachinayi amene sayankhula, nsomba yomwe. Madzi okwera, pamene nsomba zimagwidwa mosavuta, ndi pamenenso zili ndi mazira. M'Zambia boma limatseka usodzi m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Pachilumba cha Mbenje ku Salima, mfumu Makanjira ndiyo imatseka ndi kutsegula nyengo ya usodzi, mwambo umene unayamba zaka za m'ma 1950, ndipo nyengo ya mvula asodzi amachokapo onse. Msodzi wodziwa sadikira kalendala. Akatumbula mlamba n'kupeza mimba yadzaza mazira, amadziwa kuti madzi ndi abwino kwa mono wa lero koma oipa kwa mono wa chaka chamawa.

Mu Malichi, chiletso chitatha, ndinabwereranso mumsika. Pamalo pa milamba panali mpata, ndipo mayi wa pathebulo anali atafutukula kapenta kuti aphimbe thabwa. Ndinafunsa za akulu aja.

"Sanabwere, bambo," anatero uku akuingitsa ntchentche ndi kanthambi. "Madzi akana."

M'mawu awiriwo munali kung'anima kwa kum'mawa, kamtengo komira mpaka chikhatho, ndi mtengo wa masamba aawisi woyandama mizu m'mwamba. Ndinagula kambale ka kapenta. Kuchigwa bwato linali chafufumimba pamwamba pa gombe, pamene madzi safika, ndipo dzuwa likamalowa mwini wake anali kukathyola kamtengo kena.